Ndayamba kuitanidwa kukaimba madiramu pa wikendi, ndigule chiyani kaye?

Kamnyamata_ka_Dzivarasekwa

Moni nonse akuluakulu. Ndimagwira ntchito ku Graniteside kuno ku Harare kuyambira Lolemba mpaka Loweruka masana, ndipo madiramu ndinaphunzirira kutchalitchi. Pano bandi ina ya sungura (nyimbo zothamanga za magitala za kuno ku Zimbabwe) yandipempha kuti ndizigwirizira woimba wawo akachokapo, komanso ena oimba m'maukwati ayamba kundifuna. Zida zangazanga ndilibe, ngakhale ndodo ndimachita kubwereka, ndipo kandalama kamene ndasunga sikangagule seti yabwino yathunthu. Ndigule seti yotchipa, kapena ndizigula chimodzichimodzi? Vuto lina, pa sungura dzanja lamanja limauma nyimbo isanafike pakati, liwiro n'kuyamba kutsika. Ndiponso nkhani ya malipiro mumaiyamba bwanji osaoneka wamwano? Ndithandizeni.

Madala_a_ku_Mbare

Mphwanga, seti yotchipayo isiye kaye. Kumene uziitanidwako, kaya ndi kubala, kuholo ya ukwati kapena ku shoo yaikulu, kawirikawiri seti imakhala ilipo kale, ya bandi kapena ya mwini zokuzira mawu. Chimene chimakhala chitatha pa seti ya aliyense ndi tizinthu tomwe timamenyedwa ndi kupondedwa usiku uliwonse, ndiye timeneto ndi tomwe woimba wanzeru amayenda nato tekha. Ganizanso za mayendedwe. Bass drum ya mainchesi 22 sungakwere nayo kombi (minibasi) pa Copacabana kapena pa Market Square Lachisanu madzulo osalipirira mpando wina, ndipo hwindi (kondakitala) alibe nthawi yoisamala. Koma snare, pedal ya bass drum ndi chikwama cha ma cymbal umafungatira pamiyendo mpaka kukafika.

Yamba ndi ndodo, mapeyala atatu. Za 5A ndiye zapakatikati. Za 5B n'zonenepa pang'ono, zimalimba koma zimatopetsa pa nyimbo zothamanga, pomwe za 7A n'zowonda ndipo sizichedwa kuthyoka ukamamenya pamkombero. Pogula, igubuduze ndodo iliyonse pa kauntala: yopindika imadumphadumpha. Kenako gogoda nazo patebulo, ziwiri za peyala imodzi zizilira mofanana. Za mtengo wa hickory zimapirira kuposa za maple. Mutu wa ndodo ukangobenthuka, isiye ikhale yoyeserera kunyumba, chifukwa mutu wobenthuka umaboola chikopa.

M'thumba la ndodolo muzikhala drum key ziwiri, clutch yakoyako (kachitsulo kogwira mbale yapamwamba ya hi-hat, ma cymbal awiri otseka ndi phazi aja), timafelt, timapaipi tapulasitiki tovekera pa sitandi ya cymbal, selotepi yakuda yolimba, pulayazi ndi kachingwe kapadera komangira mawaya a snare. Clutch ndiyo imasowa kwambiri pa maseti a eni. Ukafika n'kupeza palibe, hi-hat yonse yafa, ndipo sungura popanda hi-hat palibe chimene ungaimbe.

Chachiwiri ndi pedal. Phazi limazolowera sipuling'i imodzi, ndiye pedal yachilendo usiku uliwonse imakusokoneza kuposa china chilichonse. Ukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, gwedeza chopondera chake uku ndi uku. Ngati chikugwedera pa hinji ya kuchidendene, yatha imeneyo. Ona tcheni ngati chilibe mfundo yothyoka, ona ngati kasikuluu kogwira beater (kamutu komenya bass drum) kakumanga, ndipo gula sipuling'i yapadera nthawi yomweyo. Sipuling'i imaduka pa ngowe yake, ndipo simapereka chenjezo.

Kenako snare. Yachitsulo ya mainchesi 14 ndi 5.5 imakwana paliponse. Usagule osamasula chikopa. Yeza kukula kwa chigoba modutsa pakati, mbali ziwiri zopingasana: miyezo ikasiyana ndiye kuti inagwa n'kuphwanyika, ndipo siidzachunika mpaka kalekale. Yendetsa chala m'mphepete momwe chikopa chimakhalira, musakhale mokumbika. Mkombero ugoneke patebulo, ukhudze paliponse. Werenga mabawuti, akhale 8 kapena 10 onse, ndipo lililonse lizilowa osalimbalimba. Paka kavaselini pang'ono m'mizere yake kuti asachite dzimbiri nyengo ya mvula. Ma cymbal abwere pambuyo, hi-hat ya mainchesi 14 poyamba, crash kenako. Ride ungadikire nayo chaka chathunthu osaisowa kwenikweni.

Chomaliza chimene achinyamata amachiseka ndi kapeti. Maholo ambiri pansi ndi simenti yosalala kapena matailosi, ndipo bass drum imathawa pang'onopang'ono mpaka mwendo kutambasuka. Kachidutswa ka mamita 1.5 ndi 2 n'kokwanira. Ika zizindikiro za selotepi pomwe pamakhala mpando, pedal ndi miyendo ya masitandi, kuti kuyala zida kusamakutengere nthawi.

Wakale_wa_Chitungwiza

Za zida madala anena kale, ine ndilowe pa dzanjalo. M'bale wanga, dzanja silikuuma chifukwa chosowa mphamvu ayi. Likuuma chifukwa mukufinya ndodo, ndiponso mukuinyamula nokha pomwe imayenera kudzibwerera yokha. Igwireni pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kumatako kwake. Pamenepo ndi pomwe imanjanja kwambiri. Zala zitatu zotsalazo zingoikuta, zisaifinye. Mukaona chikhadabo cha chala chachikulu chayera, kapena phewa lakwera kufuna khutu, dziwani kuti mwayamba kulimbana nayo.

Ndiye pali kamenyedwe. Ambiri ochokera kutchalitchi amamenya hi-hat m'mphepete ndi thupi la ndodo, kugunda kulikonse ndi mphamvu yofanana. Pa kolasi ya mphindi 4 zimatheka. Sungura imapitirira mphindi 10 nyimbo imodzi, ndipo shoo yochezera imafika mbandakucha. Phunzirani kutulutsa mawu awiri pa kuyenda kumodzi kwa mkono: potsika thupi la ndodo likhudze mphepete, pokwera mutu wa ndodo ugogode pamwamba. Koyambako kumamveka kwambiri, kwachiwiriko pang'ono, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene kumavinitsa anthu. Pomwe liwiro lapitirira mphamvu ya dzanja limodzi, gawirani manja onse awiri pa hi-hat mosinthana, lamanja n'kumatsikira pa snare nthawi yake ikakwana. Palibe manyazi pamenepo.

Onaninso mmene mwakhalira. Mpando ukhale woti ntchafu zitsetserekere pang'ono kumawondo. Mukakhala pansi kwambiri, mwendo wonse mumachita kuunyamula pa kugunda kulikonse ndipo msana umayamba kuwawa shoo isanafike pakati. Hi-hat isakwere mpaka chigongono kutalikira nthiti. Mbale zake ziwiri zisiyane pang'ono chabe phazi likachoka, mwina kukula kwa chala chimodzi, kuti phazi lamanzere lisamagwire ntchito yaikulu pozitseka.

Phazi lamanja pa sungura lisachite zambiri. Besi ndiyo imayendayenda, magitala a lidi ndi ritimu amalukana pamwamba, ndiye bass drum ingogunda mofanana pa kugunda kulikonse kuti onsewo akhale ndi poponda. Mukayamba kuikometsera, woimba besi amasowa malo ndipo ovina gule wa Borrowdale kutsogoloko amasokonekera mapazi. Maso anu azikhala pa mtsogoleri wa bandi ndi ovinawo, chifukwa kusintha kwa gawo sikuwerengedwa ngati m'buku la nyimbo. Amangotembenuka, kukweza gitala kapena kukuwa, basi mwalowa gawo lina.

Kuyeserera kwake n'kotere. Ikani metronome (kachida kogogoda mosunga liwiro) pafoni, pezani liwiro limene mungaimbe mphindi 10 osaima komanso phewa osauma, ngakhale likhale lochititsa manyazi. Khalani pamenepo sabata yonse, kenako onjezerani kugunda 4 kapena 5 pa mphindi. Mphindi 20 tsiku lililonse mukaweruka zimapindula kuposa maola atatu Lamlungu lokha. Simufunika seti: matani labala ya chubu cha galimoto pa kathabwa, muli ndi poyeserera posasokoneza a nyumba yoyandikana. Pa pulakatisi ya bandi jambulani mawu ndi foni, kunyumba muyerekeze liwiro la poyambira ndi la pothera. Ambiri amathamanga potuluka mu roll, n'kumatsika woimba akayamba vesi, koma ali pampando sazindikira.

Popeza mwatchula maukwati, sungura yokha siikukwanirani. Jiti ndi chimurenga zimayenda patatupatatu, hi-hat n'kumatsanzira hosho (maseche a anzathu achishona), ndipo amene anazolowera kuwerenga panayi amagwa pamenepo. Rumba ikafika pa sebene, gawo lothamanga lovinitsa lija, pamafunika cavacha, kamenyedwe ka ku Kinshasa kaja. Reggae ya one drop, bass drum ndi mkombero wa snare zimagwera limodzi pa kugunda kwachitatu, koyamba n'kusiya pululu. Ndipo paukwati wa anthu akwathu, azakhali sachoka asanapemphe nyimbo za kumudzi, ndiye muzimverako zimene zikuvinidwa ku Malawi.

Nachisale_wa_kiyibodi

Achimwene, kufunsa za ndalama si mwano. Mwano umabwera pa 3 koloko m'mawa, zida zitapakiridwa, mwini shoo atazimitsa foni, inu n'kuyamba kukangana ndi mtsogoleri wa bandi pamaso pa anthu. Funsani tsiku lomwe akuitanani, musanavomere, ndipo yankho likhale lolembedwa pa WhatsApp. Mawu ake safunika kuchuluka: "Zikomo akulu, ndilipo. Tingogwirizana, malo ndi kuti, tiyamba ndi kutsiriza nthawi yanji, ndipo yanga ndi zingati?" Munthu wachilungamo sakhumudwa ndi funso limeneli. Amene wakhumudwa wakuuzani kale mmene zidzathere.

Kuno kutchula nambala yokha sikokwanira. Mumve ngati ndi madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, ngati ndi kashi kapena EcoCash, ndipo ngati ndi yapafoni, ndani akulipira mtengo wotumizira ndi wotapira. Mumvenso ngati ndi ndalama yokhazikika kapena ya pakhomo. Ya pakhomo imagawidwa atachotsa ya zokuzira mawu, ya mafuta a jenereta, ya galimoto, ya alonda ndi ya mapositala, ndiye mvula ikagwa kapena kukakhala shoo ina yaikulu tsiku lomwelo, wogwirizira ngati inu ndi amene amatsala chimanjamanja. Inu simuli membala, phindu la tsiku labwino simudzaliona, choncho musasenze nawo chitayiko cha tsiku loipa. Pemphani yokhazikika, ngakhale ichepe. Paukwati bandi imalandira chikole pasadakhale, ndiye si zachilendo kupempha kachigawo koyendera.

Nkhani yobwerera kunyumba ikhale m'pangano lomwelo. Shoo ikathera ku Chitungwiza pakati pa usiku, inu kwanu ku Dzivarasekwa, muli ndi snare ndi ma cymbal m'manja, takisi ikhoza kudya malipiro onse. Mwina akutulani pakhomo, mwina mudikira pamalopo mpaka makombi ayambe kuyenda, koma mudziwiretu.

Ntchito ya ku Granitesideyo muisamale, ndiyo ikulipira lendi. Zoimbaimba zili ndi nyengo. Kumapeto kwa mwezi mafoni amachuluka, pakati pa mwezi zii. Mu November anzathu achishona ambiri sachititsa ukwati kapena kupereka malowolo, ndiye mabandi a maukwati amakhala pansi, kenako December n'kudzaza mpaka kukana ena. January aliyense ali pa fizi. June ndi July kuzizira kumachepetsa anthu pa shoo zapanja. Amene amasiya ntchito chifukwa cha ndalama ya December amalira mu February. Shoo za Lamlungu usiku muzizikana pokhapokha zitatha msanga, ndipo Loweruka poti mumaweruka masana, auzeni a bandi nthawi yeniyeni imene mungafike, asakuyembekezereni pa sound check ya m'mawa.

Mukavomera tsiku, mwavomera. Wina akabwera ndi ndalama yoposa, mpatseni nambala ya mnzanu. Oimba m'tauni muno amadziwana onse, ndipo mbiri yothawa shoo imafika kutali kuposa mbiri ya luso. Khalani ndi anzanu awiri oimba madiramu oti muzisinthana nawo mukadwala kapena kukagwa maliro.

Kamodzi kokha za ku situdiyo: akakuitanani kukajambula, ndalama yanu ndi ya tsiku lomwelo. ZIMURA, bungwe lotolera ndalama za nyimbo kuno ku Zimbabwe, imatolerera opeka nyimbo, ndiye woimba madiramu waganyu sapezako kanthu nyimbo ikamaseweredwa pa wailesi, pokhapokha atalembedwa m'gulu la oipeka.

Wamawaya_Highfield

Madala a ku Mbare, ndikugwirizana nanu, koma pamndandanda wanu ndikanaika zotsekera m'makutu pamwamba pa ndodo, ndi chikopa chatsopano patsogolo pa crash. Snare yotchipa yovala chikopa chabwino imalira kuposa yodula yovala chikopa chokumbika.

Aise, chikopa chapamwamba chilipo cha nsalu imodzi, monga Remo Ambassador kapena Evans G1, ndi cha nsalu ziwiri, monga Emperor kapena G2. Cha imodzi chimalira momasuka, cha ziwiri chimapirira nkhonya za usiku wonse. Kwa munthu wogula ndi ndalama ya m'thumba mwake, cha ziwiri. Chapansi n'chopyapyala kwambiri, usachimenye ndi ndodo ngakhale poyesa. Pochuna, manga mabawuti onse ndi zala mpaka alimbe, kenako ndi kiyi theka la kuzungulira, bawuti ili kenako loyang'anizana nalo, osati motsatana mozungulira. Dinikiza pakati ndi chikhatho kuti chikopa chikhazikike, gogoda pafupi ndi bawuti lililonse, ndipo lomwe likulira motsika ulionjezere pang'ono. Chapansi chikhale cholimba. Mawaya usawakoke mpaka kutsamwitsa ng'oma: masula mpaka azilira mosokosera, ndiye uzimanga pang'onopang'ono, phokosolo likangotha siyira pomwepo. Mabawuti awiri apafupi ndi pomwe umamenya mkombero amamasuka okha, uziwaona pa kupuma kulikonse.

Bass drum musamaidzaze zovala ngati sutikesi. Pilo mmodzi kapena bulangete lopinda, longokhudza zikopa zonse ziwiri, lakwana. Ngati chikopa chakutsogolo chilibe bowo la maikolofoni, tenthetsa chitini chopanda kanthu cha mainchesi 4 kapena 5 pamoto, uchidinde chapambali, osati pakati. Bowo la mpeni limang'ambika. Pomwe beater imamenya mata chigamba chisanabooke. Pa snare ife a zokuzira mawu timaika maikolofoni ya SM57 zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pa mkombero, kuloza pakati, kumbuyo kwake kutayang'ana hi-hat kuti isalowerere. Ndiye ukaiona ili pamenepo usaisunthe chifukwa ikukupinga, tiitane tiisunthe ife. Mu monitor, sipika yoti uzimvera anzako pasiteji, pempha besi, gitala ya ritimu ndi mawu a woimba wamkulu. Madiramu ako ukuwamva kale. Ndipo m'holo yaing'ono ya malata, chepetsa dzanja pa ma cymbal, chifukwa amalowa m'maikolofoni a oimba onse ndipo ife palibe batani lowachotsera.

Magetsi akazima pakati pa nyimbo, chida chokha chotsala ndi chako. Usaime. Tsitsa mphamvu, sunga bass drum ndi hi-hat, anthu aziomba m'manja mpaka jenereta ilire. Kathochi kapamutu kazikhala m'thumba.

Za makutu si nthabwala. Muyezo umene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amagwiritsa ntchito ndi madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo ukaonjezera 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Pofika pa 100 zatsala mphindi 15 zokha, pomwe snare ndi crash zapafupi ndi mutu zimapitirira pamenepo. Kulira kwa m'khutu ukamagona ndiye chenjezo, ndipo kumva kukapita sikubwerera. Tathonje tachikasu ta m'mashopu a zovala zodzitetezera kuntchito n'totchipa, kuntchito kwako ku Graniteside n'tosasowa. Timadula mawu apamwamba, koma pakatha mashoo angapo umazolowera. Ukapeza ndalama gula ta oimba tokhala ndi sefa.

Zida usazisiye padzuwa la October kapena m'galimoto yotseka. Pulasitiki yokuta chigoba imatupa n'kumatuka, guluu atasungunuka.

Kamnyamata_ka_Dzivarasekwa

Zikomo kwambiri madala, akulu nonse ndi achemwali. Seti ndaisiya. Pali wina akugulitsa crash ya mainchesi 16 motchipa, koma ili ndi kamng'alu m'mphepete, kotalika ngati chikhadabo. Akuti owotcherera akhoza kuitseka. Nditenge?

Madala_a_ku_Mbare

Za kuwotchererazo iwala, mphwanga. Moto umafewetsa chitsulo pamalopo, kulira kumafa, ndipo mng'alu umayambiranso pambali pa chowotchereracho. Choyamba ona kuti ndi chitsulo chanji. Ngati ndi brass, yachikasu yowala ija imene imabwera ndi maseti otchipa, isiye ngakhale akupatse mwaulere. B8, yofiirira, ndi yapakati. B20, ya magawo 80 a kopa ndi 20 a tini, ndiyo yoyenera kuivutikira.

Kenako ona kumene mng'alu walowera. Wochokera m'mphepete kuloza pakati, waufupi ngati umenewo, umapulumutsika: pezani pomwe wathera penipeni ndi galasi lokuzira, boolani pamenepo ndi dirilo ya mamilimita 3 kuti usapitirire, kapena dulani kachigawo konseko mozungulira ngati mwezi, n'kusalaza ndi fayilo ndi sandipepa, pasatsale ngodya yakuthwa. Dulani pang'onopang'ono, mukuthira madzi kuti chitsulo chisatenthe. Koma mng'alu wotsata mizere yozungulira ija, kapena wochokera pa bowo lapakati, umenewo ndi imfa, umangoyenda. Yendetsa chikhadabo m'mphepete monse, chifukwa pomwe pali umodzi pamakhala wina wobisika, ndipo ikoleke pachala uigogode: yong'aluka pena imalira mwa nzzz pothera. Bowo lapakati likhale lozungulira. Likatalika ngati la kiyi ndiye kuti inkaimbidwa popanda kapaipi kapulasitiki.

Ukaitenga, mtengo ukhale wa chinthu chimene chingakutumikire miyezi, osati zaka. Ndipo usaiphe mmene anaiphera mwini wakeyo: nati yapamwamba usamange mpaka cymbal kulephera kugwedera, ipendeketse pang'ono kuyang'ana kwa iwe, ndipo uziimenya mopsepsa chammbali, osati kulowetsa ndodo molunjika m'mphepete. Poyenda nayo ika kansalu pakati pa iyo ndi hi-hat, ndipo chikwamacho usachiimike pa simenti.